Wina akakufunsani kuti "Kodi ndinapulumukadi?", muyambire pati

Funso limeneli silimveka kawirikawiri m'tchalitchi. Lamulungu mlaliki akafuula kuti "Opulumuka ali kuti?" manja amakwera onse, ngakhale a munthu amene usiku wathawo sanaone tulo ndi mantha. Limatuluka pamaliro pakati pa usiku kwaya itatopa, pambali pa bedi kuchipatala, kudimba polima, kapena pamsasa wa anthu othawa madzi. Ndipo silibwera molunjika. Mayi amangoti, "Abusa, ifetu mwina Mulungu anatitaya kale." Mnyamata wodula nzimbe ku Nchalo amati, "Achimwene, kutsogolo ndapitako kambirimbiri koma sizikugwira." Agogo amene akalambira mumpingo amatsitsa mawu n'kufunsa, "Mwanawe, kodi kumeneko akandilandira?"

Zimene ndalemba pano zachokera mu ntchito yophunzitsa kalasi, kuyendera odwala ndi kulondola obwerera m'mbuyo kuno kuchigwa cha Shire. Ndalembera akulu a mpingo, amayi a Mvano ndi a magulu ena a amayi, atsogoleri a achinyamata, ndi aliyense amene funsoli lingamugwere asanakonzeke. Inu amene funsoli lili mumtima mwanu, werenganinso, muzidziika pamalo pa wofunsayo.

Mayankho achangu alipo awiri, ndipo onse amapweteka. Loyamba ndi lakuti, "Aa, musadandaule, inu ndinu Mkhristu, tonse timakudziwani." Munthuyo amagwedeza mutu mwaulemu, koma mumtima akuti, "Mukanadziwa zimene ndinachita simukanatero." Lachiwiri ndi lakuti, "Ngati mukukayika ndiye kuti simunabadwe mwatsopano, gwadani mulandirenso Yesu." Amagwada, amatsatira pemphero, koma pakapita kanthawi kukayika kuja kwabwerera, tsopano pamodzi ndi maganizo akuti pempherolo pa iye yekha siligwira ntchito. Ambiri mwa anthu amene amapita kutsogolo pa msonkhano uliwonse wa chitsitsimutso anafika pamenepo chifukwa cha yankho lachiwirili.

Ntchito yoyamba ndi kumvetsera, ndipo malo ake ndi ofunika. Khalani pakhonde kapena pansi pa mtengo, pamene anthu akukuonani koma sakumva zimene mukukamba. M'vesitile pamaso pa akulu onse munthu amangoona mlandu, sangatsegule pakamwa. Bambo asapite yekha kukacheza ndi mayi. Atenge mayi wina wokhwima maganizo, wodziwa kusunga chinsinsi. Ngati munthuyo amalira ndi kupemphera m'Chisena, chezani naye m'Chisena kapena mutenge wochidziwa, chifukwa zamumtima sizituluka bwino m'chiyankhulo chobwereka.

Funsani kuti, "Zinayamba liti?" Kukayika kochuluka kuli ndi pomwe kunayambira: tchimo linalake, ulaliki woopseza, loto, imfa ya mwana, kudulidwa mumpingo. Chiyambicho chikadziwika, mudziwa pogwira. Kenako funsani kuti, "Mukudalira chiyani kuti Mulungu akulandireni?" Mukatero khalani chete, musamuthandize kuyankha. Akati "ndinabatizidwa, ndimapereka chakhumi, sindimwa," vuto lake si kusowa chitsimikizo ayi, koma sanaumvetse uthenga wabwino. Yambirani pa Aefeso 2:8-9. Akati "ndikudalira Yesu amene anandifera, koma ine ndaipa kwambiri," uyu ndi wokhulupirira wovulala, afunika malonjezo. Akayankha bwinobwino koma maso ali pansi, kawirikawiri pali chinthu chimene akubisa, ndipo sanafune kuchisiya. Atatuwa sayankhidwa mofanana.

Musaiwale thupi. Munthu amene wangochira malungo, mayi amene wangobereka kumene, banja limene likugona ndi njala mu Febuluwale, kapena amene sakupeza tulo ndi kutentha kwa mu Okutobala, amaona ngati zonse zamuthera. Eliya atagona pansi pa mtengo n'kupempha imfa, mngelo anayamba wamupatsa chakudya ndi madzi (1 Mafumu 19). Ngati munthu watha masabata angapo osadya bwino, osagona, osakondwera ndi kanthu, makamaka akamanena zofuna kudzipha, musamusiye yekha. Mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, mavesi muwerengerana m'njira. Matenda a maganizo si umboni wakuti Mulungu wamusiya munthu.

Chitsimikizo cha chipulumutso chimaima pa zinthu zitatu, ndipo mipingo ya Chipresibeteriya inazilemba kale m'buku la chikhulupiriro chawo, Westminster Confession ya 1646, mutu 18: malonjezo a Mulungu, zipatso za chisomo zooneka m'moyo wa munthu, ndi umboni wa Mzimu Woyera mumtima. Chimene chimasokonekera ndi ndondomeko yake. Ambiri amayambira kumapeto, pa zimene akumva mumtima. Zikazilala amathamangira ku ntchito zawo, ndipo akaona kuti ntchitozo n'zoperewera amagwa mphwayi, malonjezo osawafika n'komwe. Yambirani pa malonjezo. Mutu womwewo umanenanso poyera kuti wokhulupirira weniweni akhoza kudikira nthawi yayitali, akulimbana ndi zovuta zambiri, asanapeze chitsimikizo, ndipo amene anali nacho chikhoza kumugwedezekera kapena kuchepa. Muuzeni zimenezi msanga, chifukwa aliyense wokayika amayesa kuti mumpingo monse ali yekha.

Mupatseni Baibulo awerenge yekha, mokweza. Ngati sadziwa kuwerenga, muwerengereni pang'onopang'ono, iye azibwereza. Vesi limodzi kapena awiri akwanira. Kumukhuthulira mavesi 12 pa tsiku limodzi n'kungomusokoneza. Ine ndimayambira pa Yohane 6:37, pamene Yesu akuti wobwera kwa Iye sadzamutaya kunja. Mufunseni: "Akulonjeza apa ndani? Akulonjeza chiyani? Wapatulapo ndani?" Kenako, "Inu mwabwera kwa Iye? Nanga lero mukufuna kubwera?" Funso lomalizali limamasula anthu amene sakumbukira tsiku limene anatembenuka mtima. Baibulo silinena paliponse kuti munthu ayenera kudziwa deti lake. Ambiri okulira m'banja lachikhristu alibe tsiku loti angaloze, ndipo chofunika ndi amene akumudalira lero. Ulendo wina muwerenge Yohane 5:24, yoti wakumva mawu ndi kukhulupirira ali nawo moyo wosatha, wachoka kale ku imfa. Ulendo winanso 1 Yohane 5:11-13, pamene Yohane akunena chifukwa chimene analembera kalatayo: kuti okhulupirira adziwe kuti ali ndi moyo wosatha. Pali anthu, makamaka achikulire, amene amaona ngati kunena kuti "ndine wopulumuka" ndi kudzitama. Awonetseni kuti wofuna kuti adziwe ndi Mulungu mwini.

Apa ndi pamene amakonda kunena kuti, "Koma chikhulupiriro changa n'chochepa." Tengani za pa Mtayamoyo, powoloka kuchoka ku Bangula kupita ku Makhanga. M'bwato limodzi mumakwera wamalonda wozolowera, akucheza pafoni, ndi mlendo amene wagwira m'mphepete mwa bwato ndi manja onse, akunjenjemera poganiza za ng'ona. Onse amafika tsidya nthawi imodzi, chifukwa chowawolotsa ndi bwato ndi wopalasa, osati kulimba mtima kwawo. Mantha amulanda mlendoyo mtendere wa paulendo, koma sanamutsitse m'bwato. Bambo wa pa Marko 9:24 anafuula kuti akukhulupirira, koma amuthandize kusakhulupirira kwake, ndipo Yesu anamuchiritsira mwana wake.

Zipatso zimabwera pachiwiri. Kalata yoyamba ya Yohane imatchula zizindikiro zake: kuvomereza kuti Yesu ndi Khristu, kusunga malamulo ake, kukonda abale (3:14), ndi kusakhazikika m'tchimo. Munthu wa chikumbumtima chofewa akawerenga zimenezi yekha amadziweruza mpaka kulira, chifukwa amadziyeza ndi zadzulo zokha. Muthandizeni kuyang'ana patali, zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo. Kodi tchimo limene kale ankachita akuseka, lero limamuwawa? Pali munthu amene anamukhululukira, amene kale akanamusungira chakukhosi mpaka kumanda? Akalakwira mkazi wake amapepesa? Ngongole amabweza? Sikelo yake pamsika ndi yoona? Funsaninso a kunyumba kwake, mwiniwake atavomera, chifukwa kusintha kwa munthu amayamba kukuona ndi amene amadya naye. Kalata yomweyo imene imafuna chiyero ndi imenenso ikuti tikanena kuti tilibe tchimo tikudzinyenga (1:8), ndipo wina akachimwa tili naye Nkhoswe kwa Atate (2:1). Amene akulimbana ndi tchimo, ngakhale akugwa ndi kudzuka, sindimuopera kwambiri. Ndimaopera amene wagwirizana nalo.

Otere alipo, ndipo chitsimikizo chawo chiyenera kugwedezedwa. Awa safunsa n'komwe. Ali ndi khadi la mpingo, yunifomu, mwina ndi tsiku limene anakweza mkono pa msonkhano ku Ngabu, koma kunyumba mkazi ali ndi zipsera ndipo munda wa ana amasiye anaulanda. Kuwawerengera malonjezo okhaokha ndi kuwagoneka tulo. Afunika Mateyu 7:21-23, pamene anthu olosera ndi kutulutsa ziwanda m'dzina la Yesu akuuzidwa kuti sanawadziwe konse, ndi 2 Akorinto 13:5, yoti adziyese okha. Chovuta n'chakuti ulaliki woopseza umalasa amene sunawalunjike: ofatsa amapita kwawo akunjenjemera, ouma mtima akuti "lero abusa awauza." N'chifukwa chake nkhaniyi imayenda bwino pocheza ndi munthu mmodzimmodzi kusiyana ndi paguwa.

Umboni wa Mzimu uli pa Aroma 8:15-16: Mzimu amachitira umboni pamodzi ndi mzimu wathu kuti ndife ana a Mulungu, ndipo mtima umayamba kuitana kuti Atate. Ndi chinthu chenicheni. John Wesley, woyambitsa gulu la Methodist, anafotokoza kuti pa 24 Meyi 1738, ku Aldersgate Street mu London, mtima wake unatenthedwa modabwitsa ndipo anatsimikiza kuti Khristu wachotsa machimo ake. Koma si aliyense amene zimamuchitikira motero, ndipo umboniwu sufanana ndi kutengeka kwa pa mapemphero a usiku wonse ng'oma ndi kiyibodi zikulira. Kutengekako pofika Lolemba m'mawa kumakhala kutatha. Wina akati "sindimva kanthu," mufunseni kuti zikamuvuta amathawira kwa yani, nanga popemphera amamuitana bwanji. Ambiri amadabwa kuona kuti akhala akunena "Atate" nthawi yonseyi. Achinyamata ena akuvutika chifukwa anauzidwa kuti wosalankhula malilime sanapulumuke. Ngakhale Assemblies of God, imene imaphunzitsa kuti malilime ndi chizindikiro cha ubatizo wa Mzimu, sinena zimenezo. Paulo anafunsa ngati onse amalankhula malilime (1 Akorinto 12:30), ndipo yankho limene ankayembekezera ndi ayi.

Tsono pamabwera funso lalikulu: "Kodi chipulumutso chingatayike?" Musamunamize kuti Akhristu onse amagwirizana, chifukwa mawa akacheza ndi mnansi wa mpingo wina adzazindikira. Msonkhano wa ku Dordrecht m'dziko la Netherlands, 1618 mpaka 1619, poyankha otsatira Jacobus Arminius amene ankati wokhulupirira akhoza kutayika, unagamula kuti obadwa mwatsopano akhoza kugwa m'machimo aakulu, kumvetsa chisoni Mzimu ndi kutaya mtendere kwa kanthawi, koma Mulungu sawasiya kuti atayike kotheratu; amawabweza mwa kulapa. CCAP imachokera ku mbali imeneyi, ndipo Abaptisti ambiri amaphunzitsa chimodzimodzi. Wesley ndi a Methodist, Assemblies of God ndi Seventh-day Adventist amaphunzitsa kuti munthu akhoza kudziwa lero kuti ndi wopulumuka, koma akhozanso kusiya chikhulupiriro n'kutayika. Mpingo wa Katolika, pa msonkhano wa ku Trent mu 1547, unanena kuti palibe angadziwe mosakayika konse kuti walandira chaulere (chisomo) cha Mulungu. Mkatolika amakhala ndi chiyembekezo cholimba pa chifundo cha Mulungu, ndipo akachita tchimo lalikulu amabwerera kudzera m'sakramenti la kulapa. Choncho Mkatolika wa ku Fatima, m'boma la Nsanje, mukamufunsa kuti "Munapulumuka?" iye n'kuyankha kuti "Ndikuyembekeza," si kuti alibe chikhulupiriro, akuyankha monga anaphunzirira. Ngati chikumusautsa ndi tchimo limene sanaulule, mulimbikitseni apite kwa bambo mfumu wake. Musasandutse chisoni chake mpata wokopera nkhosa.

Ine ndimaima ndi mbali yoyamba, chifukwa cha Yohane 10:27-29, pamene palibe wokwatula nkhosa m'dzanja la Yesu kapena la Atate. Afilipi 1:6, yoti woyamba ntchito yabwino adzaitsiriza. Ndi Aroma 8:38-39, yoti palibe chimene chingatilekanitse ndi chikondi cha Mulungu. Koma mawu oti "ukapulumuka wapulumuka basi" sindiwakonda, chifukwa pamowa amamveka ngati chilolezo. Nkhosa za pa Yohane 10 zimamva mawu a mbusa ndi kumutsata; vesi 27 lisadumphidwe pothamangira 28. Mulungu amasunga anthu ake mwa chikhulupiriro (1 Petro 1:5), ndipo machenjezo ndi njira imodzi imene amawasungira. Ndiye Ahebri 6:4-6 ndi 10:26-29 musawabise. Munthu wokayika amakhala atawapeza kale yekha, ndipo mukawazemba amaganiza kuti ndiwo akunena zoona. Werengani naye mitu yonseyo, aone kuti ikunena za anthu amene anaidziwa njira, n'kumukana Khristu poyera ndi mwadala, n'kuiyesa chabe nsembe yake, osati munthu amene wagwa n'kumalira. Mbali yathu imati oterowo sanali athu kuchokera pachiyambi (1 Yohane 2:19), mbali inayo imati anali athu koma anachoka. Kwa munthu amene wakhala pamphasa patsogolo panu kusiyanaku sikusintha zochita: mbali zonse zimauza wolapa kuti khomo n'lotsegula, ndipo palibe imene imalonjeza mtendere kwa wokakamira tchimo. Petro anakana Ambuye katatu, koma Yesu anali atamupempherera kale kuti chikhulupiriro chake chisazime (Luka 22:31-32).

Kuno nkhani imene imapha chitsimikizo kwambiri ndi kudulidwa. Mtsikana akatenga mimba asanakwatiwe, bambo akatenga mkazi wachiwiri, kapena wina akapezeka akutcheza kachasu, mpingo umamuimitsa pa Mgonero, ndipo nthawi zambiri dzina limalengezedwa. Ambiri amayesa kuti dzinalo lafufutidwanso kumwamba. Ena amangosowa, ena amasamukira ku mpingo umene sufunsa. Akulu anene momveka tsiku lomwelo kuti chilango cha mpingo n'chobwezera munthu, si chigamulo cha tsiku lomaliza. Kaundula wa mpingo ndi buku la moyo ndi mabuku awiri osiyana. Amuuze zimene ayenera kuchita, tsiku limene kalasi yake imakumana, ndi dzina la mkulu amene azimuyendera. Sabata isathe munthuyo asanafikiridwe pakhomo. Za munthu wa ku Korinto amene analangidwa, Paulo analamula kuti amukhululukire ndi kumutonthoza, kuopa kuti angamizidwe ndi chisoni chopitirira (2 Akorinto 2:6-8). Ndipo mpingo umene umadula mtsikana yekha, mnyamata wopereka mimbayo n'kumapitiriza kuyimba kwaya, ukuphunzitsa atsikana onse kuti Mulungu ndi wokondera.

Yovuta kwambiri ndi ya mitala. Mayi amene ndi mkazi wachiwiri, ali ndi ana, akhoza kukhala zaka zambiri kunja kwa Mgonero, ndipo kuchoka pabanjapo ndi kugwetsera ana m'njala. Mipingo imasiyana pa nkhaniyi, ndipo mkulu mmodzi sangasinthe lamulo la mpingo wake ali pakhonde. Chimene angathe ndi kusamunamiza: asamulonjeze kuti lamulo lisintha, asamuuzenso kuti watsekeredwa kunja kwa chifundo cha Khristu. Nkhani yake ipite kwa abusa ndi bwalo la akulu, iunikidwe payokha, ndipo pakadali pano azimuyendera, osati kumukumbukira pa nthawi ya zopereka yokha.

Pali zina zimene munthu sanena mpaka atakuzolowerani. Mayi wamasiye amene achibale a mwamuna anamukakamiza mwambo wa kupita kufa (kugona ndi mwamuna wina pofuna "kuchotsa imfa") amadziona wodetsedwa, wosayenera Mgonero. Muuzeni mosapita m'mbali kuti chimene anachitiridwa mokakamizidwa si tchimo lake. Wolakwiridwa ndi iye. Mavesi okha sakwanira pamenepa. Ngati zangochitika kumene, apite kuchipatala pasanathe maola 72 akalandire mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP. Ngati papita nthawi, akayezetse. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa miyambo yovulaza, ndipo ku polisi kuli Victim Support Unit, koma zopita kumeneko asankhe mwiniwake, inu mungomuperekeza. Wina anapita kwa sing'anga mwana atadwala, anatemedwa mphini, ndipo akuganiza kuti zipserazo zamumangirira kwa mizimu mpaka kalekale. Uyu alape zimene anasankha yekha, atulutse zithumwa ngati zilipo ziwotchedwe, monga a ku Efeso anawotchera mabuku awo amatsenga (Machitidwe 19:18-19), kenako awerenge 1 Yohane 1:9 ndi Akolose 1:13-14. Mphini zidzakhalabe pakhungu, koma zilibe ulamuliro pa iye. Za mphini zimene anatemedwa ali khanda, palibe choti alape.

Maloto nawo avutitsa anthu ambiri: kudya kutulo, kuona akufa, kuthamangitsidwa. Baibulo silipima chipulumutso ndi maloto, ndipo zoti wanjala amalota akudya Yesaya ananena kale (29:8). Chenjerani ndi aliyense amene amayamba wakuopsezani kuti dzina lanu waliona kumanda kapena kumidima, kenako n'kutchula mtengo wa madzi kapena mafuta odzozedwa. Chitsimikizo chofunika kuchigulanso mwezi ndi mwezi si cha m'Baibulo. Simoni wamatsenga atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamuyankha mwaukali (Machitidwe 8:20).

Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anasiya funso lina m'misasa ya ku Nsanje ndi ku Chikwawa: "Bwanji ife chaka ndi chaka? Tinalakwanji?" Pamenepo samasowa wokolezera moto ponena kuti chigwa chino n'chotembereredwa. Yesu anayankha kale pa Luka 13:4-5: anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera sanali ochimwa koposa anzawo a mu Yerusalemu. Kuno kumasefukira chifukwa ndi kumunsi. Madzi a kumapiri a Mulanje, Thyolo ndi Mwanza amatsikira mu Ruo, Mwanza ndi Shire, mitsinje imene yadzala mchenga chifukwa mitengo inatha kumtunda. Nyumba ya Mkhristu ndi ya wosapemphera zimagwa limodzi. Pa Aroma 8:35 Paulo akutchula njala, usiwa ndi zoopsa monga zinthu zimene zimagwera okondedwa a Mulungu popanda kuwalekanitsa ndi chikondi cha Khristu. Ofedwa amafunsanso za m'bale amene anakokoloka alibe mpata wolapa. Munthu sapulumuka chifukwa chakuti anakwanitsa kutchula tchimo lomaliza asanamwalire, koma chifukwa ali mwa Khristu (Aroma 8:1). Kupitirira apo musagamule, kaya kumuika kumwamba kaya kumoto.

Za tchimo losakhululukidwa sizifuna nthawi yambiri. Werengani ndime yonse ya Marko 3:22-30. Alembi anaona ntchito za Yesu n'kuumirira kuti ali ndi mzimu wonyansa, ndipo vesi 30 likunena kuti ichi ndicho chifukwa chake analankhula mawu oopsawo. Mawu onyoza amene amangobwera m'mutu munthu asakuwafuna, iye n'kumadana nawo, si zimenezo. Vesi 28, loti machimo onse adzakhululukidwa kwa ana a anthu, aliwerenge kawiri.

Kucheza kamodzi sikutha nkhaniyi. Musiyireni vesi limodzi lolembedwa papepala, aliloweze pamtima, ndipo mugwirizane tsiku lodzaonananso pasanathe masiku 7. Mukabwera musafunse kuti "Mukumva bwanji tsopano?" chifukwa mukumubwezera ku zomvaimva zomwe zija. Funsani kuti vesi lija likuti chiyani, nanga iye wachitapo chiyani. Ngati pali chobweza, kaya mbuzi, ndalama za banki m'khonde, kapena malire a munda amene anasuntha, abweze, ngakhale pang'onopang'ono. Chikumbumtima sichikhala chete katundu wa mwini ali m'nyumba. Davide pa Salimo 51:12 anapempha kuti amubwezere chimwemwe cha chipulumutso, ndipo chimwemwecho ndicho chimayamba kutha tchimo likabisidwa. Amene sali pachilango koma akuthawa Mgonero podziona wosayenera, mulimbikitseni adye. Gomelo Ambuye anaikira ochimwa olapa, osati angwiro. Asaleke kusonkhana ndi anzake, ndipo mumupatse kantchito, ngakhale kotunga madzi pamaliro kapena kuperekeza oyendera odwala. Amene amakhala yekha m'nyumba n'kumadzifufuza tsiku lonse, kukayika kwake kumangokula.

Kwa wodwala kwambiri zonsezi zifupikitseni. Si nthawi yomufunsa mbiri ya moyo wake kapena yotsutsana za Dordrecht. Khalani pafupi ndi khutu lake, mutchule dzina lanu, mulankhule mawu ochepa m'chiyankhulo chake: Yohane 6:37, Salimo 23, kapena yankho la Yesu kwa wachifwamba wa pamtanda pa Luka 23:43, amene analibe nthawi yobatizidwa kapena yokonza chilichonse. Yimbani nyimbo imene amaidziwa kuyambira ubwana wake. Ngati akufuna kuulula kanthu, pemphani anthu atuluke m'chipindamo, ndipo zimene wanena zisakamveke pamaliro. Ngati ndi Mkatolika itanitsani wansembe msanga, musadikire kuti afike pothera. Achibale auzeni asakambirane za bokosi kapena za chuma pamutu pake, chifukwa munthu akhoza kumamva ngakhale atasiya kuyankha.